Madzulo Amene Ndinatsekera Njuchi M'nyumba

Pali phokoso limene ndimalimvabe m'mutu ngakhale papita zaka zitatu chichitikireni nkhaniyi. Ndi kulira kwa mng'oma umene njuchi zake zikupsa mkati, kulira kokwera ndi kosalekeza, kosiyana kwambiri ndi kung'ung'udza kofatsa kwa mng'oma umene uli pamtendere. Ndinalimva Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala kwathu ku Salima, ndipo amene anachititsa zonsezo ndinali ine mwini, ndi manja angawa, ndili ndi chikhulupiriro chonse chakuti ndikupulumutsa chuma changa.

Mng'oma wa pansi pa mlambe

Ndimagwira ntchito ku Lilongwe, koma ming'oma yanga ili kumudzi, ndipo amene amaiyang'anira mkati mwa sabata ndi malume anga, amene anayamba kufula njuchi ine ndisanabadwe, nthawi imene mng'oma unali khungwa la mombo lopachikidwa pamphanda ya mtengo. Yanga ndi ya matabwa, ija yopapatiza kunsi imene ambiri amaitchula kuti ya ku Kenya, yokhala ndi timatabwa tondandalika pamwamba pamene njuchi zimalendewezapo malesa. Kathabwa kalikonse n'kotambalala mamilimita 32, chifukwa njuchi zathu n'zocheperako thupi poyerekeza ndi za ku Ulaya ndipo zimamanga malesa moyandikana. Khomo lake ndi timabowo 8 toboola kumutu kwa mng'oma, ndipo chivindikiro ndinachikhoma lata kuti mvula isalowe.

Mwa ming'oma isanu ndi umodzi imene ndinali nayo chaka chimenecho, wamphamvu koposa unali umene ndinauika pansi pa mlambe m'mwezi wa Malichi. Tsiku limene ndinkauika, mtengowo unali wobiriwira ndipo mthunzi wake ukanakwanira msonkhano wa mudzi wonse. Malume anayang'ana kumwamba nanena mwachidule kuti mlambe ndi mthunzi wa dzinja, kenaka anatola khasu lawo n'kumapita. Ndinawamva monga momwe timamvera mawu ambiri a akuluakulu, kuvomera ndi mutu mtima uli kwina. Pofika Okutobala mlambe uja unali utayoyola tsamba lililonse, ndipo lata lija linkalandira dzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda chotchinga.

Lachisanu madzulo

Ndinatsika minibasi dzuwa litapendeka, ndipo ndisanamwe n'komwe madzi ndinalunjika ku ming'oma. Malume anali atapita kukagona kumaliro m'mudzi wina. Ndili chapatali ndinaona chinthu chakuda chikulendewera kumutu kwa mng'oma wa pamlambe, ndipo poyamba ndinayesa kuti wina wayanikapo thumba lonyowa. Nditayandikira ndinaona kuti ndi njuchi, zikwi zingapo, zitaphimba thabwa lonse lakutsogolo n'kulendewera kunsi ngati ndevu za munthu wamkulu, ina itagwira miyendo ya inzake, mulu wonsewo ukuyendayenda pang'onopang'ono. Sizinkauluka, sizinkamenyana, ndipo ngakhale ndinaima pafupi kwambiri, panalibe ndi imodzi yomwe imene inandilabadira. Kufatsa kumeneku n'kumene kunandiopsa koposa. Ndinaganiza kuti zasonkhana monga amasonkhanira anthu apaulendo, katundu atamanga kale, akungodikira kuti kuche.

Maganizo anga anathamangira ku ndalama. Mng'omawo unali utatsala pang'ono kufulidwa, ndipo uchi wake ndinali nditalonjeza kale anzanga a ku ofesi, ena mwa iwo atalipiriratu. Ndinakumbukiranso zimene ndinamva pa maphunziro ena a ulimi wa njuchi, zakuti pakhomo la mng'oma pakakhala chipwirikiti, khomolo lichepetsedwe. Mbali ina ya chiganizocho, yofotokoza kuti chipwirikiti chake n'chamtundu wanji, inali itatayika kalekale m'mutu mwanga.

Ndinavala zodzitetezera, ndinayatsa zitsononkho m'chofukizira, n'kuyamba kupopera utsi pa mulu uja. Njuchi zinasokonezeka n'kuyamba kukwawira m'timabowo zikupanikizana polowa, ndipo zotsalira ndinkazikankhira ndi chidutswa cha katoni. Ntchitoyi inanditengera nthawi yoposa theka la ola. Pomaliza ndinakanya dothi n'kumata timabowo 7, ndinasiya kamodzi kokha, kamenenso ndinakachepetsa ndi kamtengo poganiza kuti make wa njuchi, pokhala wamkulu thupi, alephera kudutsa, ndipo popanda iye palibe imene ingapite. Ndinabwerera kunyumba ndi mbola zitatu mu akakolo, koma ndi mtima wa munthu amene wagwira ntchito yotamandika. Nsima ya usiku umenewo inandikomera kwambiri.

Loweruka

M'mawa ndinakazonda ndipo ndinapeza kutsogolo kwa mng'oma kuli koyera, popanda mulu uliwonse. Ndinadziyamikira n'kunyamuka kupita kumaliro kuja. Titaika, tinabwerera limodzi ndi malume cha m'ma 3 koloko, dzuwa likuswa mtengo, ndipo panjira ndinawafotokozera monyadira mmene ndinaletsera njuchi kuthawa. Sanandiyankhe. Anangowonjezera liwiro, munthu wokalamba kundisiya ine m'mbuyo.

Phokoso lija tinalimva tisanauone mng'oma. Pansi pake panali ponyowa, uchi ukudontha kuchokera m'ming'alu ya thabwa lapansi, nyerere zitandanda kale mzere. Pa kabowo kamodzi kaja njuchi zinali zitathithikana mpaka kukatseka, zakufa zitatsekereza njira, zamoyo zikukwerana pamsana. Malume anatola kamtengo n'kugumula dothi lonse, kumaso kulibe chophimba chilichonse, ndipo mpweya umene unatuluka unali wotentha ndi wachinyezi ngati wochokera mumphika wa thobwa. Njuchi zinakhuthukira kunja, zambiri zili zonyowa, zakuda ndi zonyezimira, zikugwera pansi n'kumakwawa m'fumbi osatha kutambasula mapiko.

Tinadikira kuti dzuwa lilowe tisanavundukule. Malesa asanu anali atathothoka pa timatabwa n'kugwera pansi, atapindikana ngati nsanza. Sera imasungunuka kutentha kukaposa madigiri 60, koma imafewa kalekale isanafike pamenepo, makamaka yatsopano yoyera ija, ndipo lesa lonyamula uchi wa makilogalamu awiri, lolendewera ndi mutu wokha popanda waya kapena chimango, limangoduka n'kugwetsanso linzake. Pansi pa mng'oma panali phala la uchi, njuchi zomira ndi ana oyera ofinyika. Malume ankachotsa zonsezi ndi manja n'kumaika m'ndowa, ine nditagwira nyali, ndipo pa nthawi yonseyo sanandinene ngakhale liwu limodzi.

Funso la malume

Usiku umenewo tinayala mkeka panja monga timachitira m'chilimwe chonse, chifukwa m'nyumba ya malata simugoneka mpaka pakati pa usiku. Ana anali atagona kale pambali pathu. Patapita nthawi malume anati, "Mphwanga, tandiuza, bwanji sitili m'nyumba?"

"Mukutentha, malume," ndinayankha.

"Nanga munthu wodutsa pamsewu apa atationa tonse tili pakhonde, ana ndi akulu omwe, anene kuti banja ili likusamuka?"

Sindinayankhe, chifukwa ndinali nditaona kale kumene funsolo linkalowera.

"Ndiye atikankhire mkati, atseke mawindo, akhome chitseko, atisiyire kabowo ka kiyi kuti tizipumira." Sanaseke, ndipo sanakweze mawu. "Njuchi zako zinangokhala pakhonde. Ukanakhala nawe pansi n'kumaziyang'ana, zikanakuuza zokha."

Mawu akuti njuchi zakhala pakhonde ndinali nditawamvapo kwa iwo kangapo, koma ndinkawatenga ngati nthabwala za mkulu wokonda ziweto zake. Usiku umenewo ndinazindikira kuti anali kufotokoza chinthu chenicheni, ndipo m'miyezi yotsatira ndinawerenga zonse zimene ndinatha kupeza kuti ndimvetse chimene ndinapha.

Zimene zimachitika mkati

Pakati pa mng'oma, pamene pamakhala mazira, mphutsi ndi ana otsekeredwa m'zipinda, njuchi zimasunga kutentha pa madigiri 34 kapena 35, kaya kunja kukuzizira ngati Juni wa ku Dedza kaya kukutentha ngati Okutobala wa kunyanja. Kutentha kukakwera ndi madigiri ochepa chabe n'kukhalitsa, ana amatuluka opunduka kapena amafera m'zipinda. Vuto n'lakuti njuchi iliyonse ndi kamoto pakokha, chifukwa minofu ya pachifuwa imene imayendetsa mapiko imatulutsa kutentha, ndipo mng'oma wamphamvu umakhala ndi njuchi zikwi makumi angapo. Masana zambiri mwa izo zimakhala kutchire. Madzulo zonse zimabwerera, n'kupeza nyumba imene yamwa dzuwa tsiku lonse, ndipo ichi n'chifukwa chake mulu wa pakhomo umakula dzuwa likamalowa, nthawi imene munthu wosadziwa amayembekezera kuti zonse zilowe zikagone.

Pali chinthu chinanso chimene chimawonjezera vutoli m'nyengo ya maluwa. Timadzi ta m'maluwa timene njuchi zimabweretsa timakhala ndi madzi ochuluka, kawirikawiri oposa theka, pamene uchi wokhwima woyenera kuvindikiridwa ndi sera umakhala ndi madzi osafika magawo 20 pa 100. Madzi onse otsalawo ayenera kutuluka mumng'oma ngati nthunzi, ndipo ntchito yaikulu youmitsayi imachitika usiku. Mitengo ya m'nkhalango ikachita maluwa mvula isanagwe, mng'oma wolimbika umakhala ngati khitchini yopanda windo imene akuwiritsamo miphika yambiri nthawi imodzi.

Njuchi zimalimbana ndi zimenezi m'njira zimene aliyense angathe kuziona ndi maso ake ngati atadekha. Zina zimaima pakhomo mitu italoza mkati, miyendo itagwira thabwa zolimba, n'kumakupiza mapiko mpaka osaonekanso, kukoka mpweya wotentha kuti utuluke pamene wozizira ukulowera pena. Zina zimakatunga madzi n'kuwapaka timadontho m'zipinda ndi pamwamba pa malesa kuti mphepo ikamadutsa madziwo aziuma n'kuziziritsa, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Zimene zilibe ntchito mkati pa nthawiyo zimatuluka n'kukagwirana kunja, ndipo potero zimachotsa kutentha kwa matupi azo n'kutsegula mipata ya pakati pa malesa kuti mphepo iziyenda. Mulu umene ndinauona Lachisanu lija unali gawo la ntchito yoteteza ana. Ine ndinabwezera moto wonsewo mkati, ndinadzaza njira za mphepo, ndinachotsa malo oimapo okupiza, ndipo ndinasiyira otunga madzi kabowo kamodzi kolimbirana ndi aliyense.

Katswiri wina wa ku Germany, Martin Lindauer, amene anaphunzira kwa katswiri wotchuka wa njuchi, Karl von Frisch, anayesa mphamvu imeneyi m'zaka za m'ma 1950. Anaika mng'oma padzuwa pamwamba pa miyala yakuda ya chiphalaphala chouma pafupi ndi Salerno ku Italy, pamene kutentha kwa pansi kunkafika madigiri 70, ndipo njuchi zinasunga chisa chazo pa madigiri 35 malinga ngati madzi analipo pafupi. Nditawerenga zimenezi ndinachita manyazi kachiwiri, chifukwa zinandionetsa kuti dzuwa la Salima palokha silikanagonjetsa mng'oma uja. Njuchi zinali zitapirira lata lija kwa masabata angapo ine ndisanafike ndi dothi langa.

Nkhani ya madzi inandikumbutsanso dandaulo limene amayi a m'mudzi ankabwera nalo kwa malume chaka chilichonse, lakuti njuchi zathu zimadzaza pamjigo n'kumasowetsa mtendere ana otunga. Ndinkaliona ngati kuderera chabe. Koma mtsinje wathu umaphwa m'chilimwe, ndipo mng'oma umodzi waukulu ukhoza kufuna lita imodzi ya madzi kapena kuposerapo pa tsiku lotentha, madzi onyamulidwa kadontho kamodzikamodzi. Unyinji wa pamjigo ndi unyinji wa pakhomo la mng'oma zinali nkhani imodzi, ndipo amayi aja anali kundiuza za ming'oma yanga zimene ine sindinkazidziwa.

Lamlungu, akuba

Chipwirikiti chenicheni, chija ankanena pa maphunziro paja, ndinachiona m'mawa wa tsiku lotsatira, ndipo ndinachiitana ndine. Fungo la uchi wotayika linafika ku ming'oma ina isanu ija, mwinanso ku njuchi za m'mphako za m'tchire, ndipo pofika 8 koloko mng'oma wa pamlambe unali utazingidwa.

Palibe munthu amene anaonapo zinthu ziwirizi angazisokoneze. Njuchi ya pakhomo pake ikamabwera imalunjika n'kutera mosakayika, kawirikawiri ili ndi mungu wachikasu kumiyendo. Zakubazi zinkauluka mopepeluka, uku ndi uku kutsogolo kwa khomo, miyendo ili lende, zikufunafuna polowera, ndipo zina zinkafufuza kumbuyo, pansi pa chivindikiro ndi m'ming'alu monse mmene munkatuluka fungo. Pathabwa lakutsogolo panali nkhondo. Ndinaona ziwiriziwiri zitakolana, zikugubuduka n'kugwera pansi zikuzungulirabe, iliyonse ikupinda mimba kuti ibaye inzake, ndipo pena zitatu zikukoka imodzi, iyi mwendo, iyo phiko. Zimene zalowa bwino zinkatuluka zitakhuta, n'kuyamba zakwera thabwa pang'ono zisanauluke, ndipo pouluka zinkayamba zatsika chifukwa cha kulemera. Pansi panali timanyenyeswa ta sera tochokera ku zivindikiro za malesa zong'ambidwa mwaphuma. M'mphepo munkamveka kafungo ngati ka nthochi yakupsa, kamene ndi fungo limene mbola imatulutsa poitana zinzake kunkhondo, ndipo tsiku limenelo palibe nkhuku kapena mwana amene analoledwa kuyandikira.

Apa ndiye malume anachepetsa khomo, chinthu chomwecho chimene ine ndinachita Lachisanu. Anatseka timabowo tina ndi udzu wouma wolowetsa mphepo, osati dothi, kuti alonda ochepa otsalawo akhale ndi malo aang'ono oteteza. Anakwirira uchi wa pansi uja ndi dothi, anamata ming'alu, kenaka anaviika thumba m'madzi n'kuliyala pamwamba pa mng'oma mpaka kulendewera kutsogolo, kuti eni nyumba azidutsa kunsi kwake pamene alendo akusokonezeka, komanso kuti liziziritse lata. Mankhwala anali omwewo, koma matenda anali ena. Ndipo dzuwa litalowa nkhondo yonse inazima ngati nyali, chifukwa zakuba zimabwerera kwawo kukada. Mulu wa kutentha umakula ndi mdima, pamene kuba kumatha ndi mdima. Ndikanangoyang'ana nthawi Lachisanu lija, ndikanadziwa kuti khomo silinkafunika kulikhudza.

Zinapita mwakachetechete

Ndinabwerera ku Lilongwe Lolemba ndili ndi chiyembekezo chakuti mng'omawo uchira, poti make wa njuchi tinamuona ali moyo pa lesa lina lotsala. Lachinayi malume anandiimbira foni. "Anthu ako apita," anatero. Ndinawafunsa ngati dzulo lake zinasonkhana pakhomo, ndipo anati ayi, panalibe chilichonse, m'mawa anaona zikuuluka pang'ono, masana anapeza mng'oma uli zii.

Njuchi zathu, zimene akatswiri amazitcha Apis mellifera scutellata, zimadziwika ndi khalidwe limeneli. Malo akaipa, kaya ndi chifukwa cha linthumbwi, chiuli, njala, moto wa tchire kapena mlimi wosokoneza ngati ine, zimanyamuka zonse n'kusiya malesa opanda kanthu. Zimene ndinkaopa zinachitikadi, koma sizinabwere ndi chizindikiro chimene ndinkachiopa.

Kusamuka kotereku n'kosiyana ndi kugawikana kwa mng'oma wathanzi, kumene ndinadzakuona bwino chaka chotsatira pa mng'oma wina. Kumeneko make wakale amachoka ndi pafupifupi theka la njuchi, n'kusiyira otsala ana achifumu, amene mmodzi mwa iwo adzakhale make watsopano, akuleredwa kale. Zimachitika dzuwa litakwera, m'mawa kwatha kapena masana akuyamba, ndipo sizitenga nthawi: njuchi zimakhuthuka pakhomo ngati madzi a m'ndowa, kumwamba kumada, mkokomo umamveka kutali, ndipo m'mphindi zochepa zonse zaunjikana panthambi ya mtengo wapafupi, podikira kuti ozonda apeze nyumba yatsopano. Masiku angapo ulendowu usanachitike, antchito amachepetsa chakudya cha make kuti apepuke n'kutha kuuluka, kotero ngakhale kamtengo kanga kaja kanali nzeru yopanda pake.

Pamenepa ndiyenera kunena mwachilungamo kuti mantha anga sanali opanda maziko kotheratu, ndipo sindigwirizana ndi anzanga ena amene amati mulu wa pakhomo ulibe tanthauzo lililonse. Mng'oma umene ukutulutsa mulu madzulo aliwonse, ngakhale masiku ozizirirapo, ndi mng'oma wodzaza, ndipo kudzaza ndi chimodzi mwa zimene zimakankhira njuchi ku kugawikana. Koma yankho la funso limeneli silipezeka pakhomo. Limapezeka mkati, potsegula m'mawa kusanatenthe n'kunyamula malesa a ana limodzilimodzi. Ngati m'mphepete mwake mukulendewera zipinda zazitali zoloza pansi, zokhakhala ngati khoko la mtedza, ndiye kuti mafumu atsopano ali m'njira, ndipo kuchokera pa dzira mpaka kutuluka kwa make watsopano ndi masiku pafupifupi 16 okha. Gulu limanyamuka chipinda choyamba chikangovindikiridwa, pafupifupi pakati pa masiku amenewa. Ngati zipinda zotere mulibe, njuchi sizikupita kulikonse, zikungofuna malo ndi mphepo.

Palinso unyinji wina umene umaopsa alimi atsopano, wa njuchi zazing'ono zimene zimatuluka masana kudzaphunzira malo. Zimauluka zambirimbiri kutsogolo kwa mng'oma nkhope zitaloza kukhomo, zikukwera ndi kutsika mozungulira, ndipo pasanathe theka la ola zonse zalowanso. Ana a kwathu amati njuchi zikusewera, ndipo sanalakwitse kwambiri.

Pansi pa msangu

Anzanga a ku ofesi ndinawabwezera ndalama zawo. Mng'oma wopanda kanthu uja tinautsuka, tinauyanika, n'kuusamutsira pansi pa msangu wa kumapeto kwa munda, mtengo umene umachita zosiyana ndi inzake: umayoyola masamba m'dzinja n'kubiriwira m'chilimwe, nthawi yeniyeni imene mng'oma umafuna mthunzi. Malume anali atauloza kalekale mtengowo, Malichi uja. Timatabwa tinatipaka sera, ndipo mkati tinatikitamo udzu wonunkhira ngati mandimu uja timathira mu tiyi, umene fungo lake limafanana ndi limene njuchi zimatulutsa kumchira poitanirana pakhomo. Patapita miyezi ingapo gulu lina linalowamo lokha.

Ming'oma ina isanu ija sitinaisunthe, chifukwa njuchi zoyenda kutchire zimabwerera pamalo penipeni pamene zinazolowera, ndipo ukasuntha mng'oma mtunda wochepa tsiku limodzi zimaunjikana pamalo akalewo n'kusochera. M'malo mwake tinaimangira timadenga ta udzu pamwamba pa malata, tosiya mpata wa chikhatho kuti mphepo izidutsa. Pafupi ndi ming'oma tinaika beseni lakale la madzi, lodzaza ndi miyala ndi zitsononkho zoyandama kuti njuchi zizitera osamira, ndipo timayamba kuthiramo madzi mu Ogasiti, zisanazolowere njira ya kumjigo, chifukwa zikazolowera n'kovuta kuzibweza. Madandaulo a amayi aja sanatheretu, koma anachepa.

Okutobala wotsatira ndinafikanso Lachisanu madzulo, ndipo pa mng'oma wa pamsangu panali mulu, waung'ono kusiyana ndi woyamba uja koma wooneka bwino. Ndikuvomereza kuti mtima unagunda, ndipo maso anga anayamba ayang'ana kumene kuli chofukizira. Ndinatenga kampando n'kukhala chapambali pa khomo. Panalibe zomenyana, panalibe zakufa pansi, ndipo zochedwa kutchire zinkatera pamwamba pa zinzake n'kudzipezera njira yolowera. Pa timabowo ta m'munsi panali mizere ya zokupiza, mitu mkati. Ndinatola nthenga ya nkhuku n'kuiyandikitsa pa kabowo kamodzi, ndipo inaweramira kwa ine, mpweya wofunda wonunkhira uchi wosakhwima ukundiwomba pa zala. Nditaisunthira pa kabowo ka kumapeto inaweramira mkati. Ndinakhala pamenepo mpaka mdima unandibisira zonse, ndikungomva kung'ung'udza kofatsa kuja.

Cha m'ma 5 koloko m'mawa thabwa lakutsogolo linali loyera. Tinatsegula ndi malume kusanatenthe, ndipo sitinapeze chipinda chachifumu ngakhale chimodzi, koma malesa anali atafika pa kathabwa komaliza. Tinafula atatu ovindikiridwa bwino n'kubwezeramo timatabwa topanda kanthu, ndipo madzulo ake mulu unachepa ndi theka.

Masiku ano malume akandiimbira kuti anthu anga ali pakhonde, ndimawafunsa nthawi, ndimawafunsa ngati pali zomenyana, kenaka ndimawafunsa za beseni. Sabata yatha anandiyankha kuti mbuzi za a neba zinamwa madzi onse masana n'kugubuduza beseni lomwe, kotero Loweruka lino ndikupita ndi waya kuti tikalitchingire.